BBC Learning English: Mphunzitsi Waluso Amene Sadziwa Chichewa

Pa njira zonse zaulere zophunzirira Chingerezi zimene munthu angazipeze pa foni masiku ano, maphunziro a BBC Learning English ndi amene ndimawaika patsogolo ndikamalangiza akuluakulu amene amabwera kudzaphunzira madzulo akaweruka ku ntchito. Komabe si aliyense amene ndimamuuza kuti ayambire pamenepo, chifukwa maphunzirowa amapindulira kwambiri munthu wa mtundu umodzi, amene analekezera sukulu Sitandade 8 kapena Fomu 2, amatha kuwerenga chikwangwani ndi kulemba kalata yaifupi, koma bwana kapena mlendo akamuyankhula mothamanga mawu onse amangomudutsa, ndipo iye akati ayankhe lilime limamulemera. Anthu otere ndi ochuluka zedi pakati pathu, kuyambira alonda ndi ogwira ntchito m'mahotela a ku Lilongwe ndi ku Mangochi, mpaka abale athu amene akugwira ntchito za m'nyumba ndi za m'maluwa ku Johannesburg ndi ku Cape Town. Kwa munthu amene sadziwa ngakhale kupereka moni m'Chingerezi, nkhani yake ndi ina.

Bungwe la BBC, nyumba youlutsa mawu ya ku Britain, linayamba kuphunzitsa Chingerezi pa wailesi m'chaka cha 1943, nkhondo yachiwiri ya dziko lonse ili mkati, ndipo nthambi yochita ntchitoyi inkadziwika ndi dzina loti English by Radio. Lero maphunzirowa amapezeka pa tsamba lawo la pa intaneti, pa YouTube, pa Facebook komanso ngati mapulogalamu ongomvetsera amene munthu amatha kuwasunga m'foni. Salipiritsa ndalama iliyonse, ndipo munthu safunika kulembetsa dzina kuti amvetsere kapena kuwerenga. Sapereka satifiketi, choncho amene akufuna pepala lokaonetsa pofunsira ntchito asataye nthawi kulifunafuna kumeneko.

Chinthu choyamba chimene chimawakomera maphunzirowa kwa ife ndi mtundu wa Chingerezi chimene amaphunzitsa. Dziko lathu linali pansi pa ulamuliro wa Britain kuyambira 1891 mpaka 1964, ndipo kalembedwe kamene timatsatira m'sukulu, m'maofesi a boma ndi m'nyuzipepala ndi ka ku Britain. Mwana amene akukonzekera mayeso a MANEB amayembekezeka kulemba "colour" ndi "centre", pomwe mapulogalamu ambiri a pa foni ochokera ku America amamuzoloweretsa "color" ndi "center". Kusiyanaku kumaoneka kochepa, koma Chingerezi ndi phunziro limene munthu akalephera salandira satifiketi ya MSCE ngakhale atakhoza maphunziro ena onse, ndipo malamulo aakulu a dziko lino amafuna kuti phungu wa Nyumba ya Malamulo azitha kuyankhula ndi kuwerenga Chingerezi mokwanira kutenga nawo mbali pa zokambirana. Chiyankhulo cholemera chotere ndi bwino kuchiphunzira kwa amene kalembedwe kawo kakugwirizana ndi kamene wolemba mayeso ndi wolemba ntchito akuyembekezera.

Pulogalamu yawo yotchuka kwambiri ndi 6 Minute English, imene yakhala ikutuluka sabata ndi sabata kwa zaka zoposa 15. Kakonzedwe kake sikasinthasintha, ndipo m'kusasintha kumeneku ndi mmene muli mphamvu yake. Anthu awiri amacheza pa mutu umodzi, monga tulo, chakudya, nyengo kapena makina anzeru. Chakumayambiriro mmodzi amafunsa mnzake funso lokhala ndi mayankho atatu oti asankhepo limodzi, koma yankho lolondola amalisunga mpaka kumapeto, ndipo zimenezi zimachititsa womvera kutchera khutu mpaka pulogalamu itatha. Pakatikati amaseweretsa mawu a katswiri kapena munthu wina amene anayankhula pa wailesi ya BBC, woyankhula mwachibadwa mosaganizira ophunzira, kenako awiri aja amabwerera m'zimene wanenazo n'kutolamo mawu ofunika, kawirikawiri asanu ndi amodzi, ndi kuwatanthauzira mofatsa. Asanatsanzike amawabwerezanso mawu onsewo limodzi ndi matanthauzo ake. Motero wophunzira amalimva liwu lililonse katatu kapena kuposerapo m'mphindi zisanu ndi imodzi: m'kamwa mwa munthu woyankhula mothamanga, m'kutanthauzira, ndi m'kubwereza. Palibe buku la sukulu limene limatha kuchita zimenezi, pakuti buku silitulutsa mawu.

Chimene chimandisangalatsa kuposa zonse ndi chakuti pulogalamu iliyonse imabwera ndi zolembedwa za mawu onse amene ayankhulidwa, liwu ndi liwu. Ndaona mmene zimenezi zimasinthira nkhope ya wophunzira. Bambo wina wogwira ntchito ya ulonda, amene amawerenga Baibulo la Chingerezi bwinobwino, anamvetsera pulogalamu yonse n'kunena kuti sanatolepo kanthu koma mawu awiri okha. Atapatsidwa pepala la zolembedwa zija, anayamba kulondola ndi chala mzere ndi mzere uku akumvetseranso, ndipo asanafike pakati anaseka yekha, chifukwa anazindikira kuti pafupifupi mawu onse ankawadziwa kale, kungoti anali asanawamvepo akutchulidwa motero. Vuto la Amalawi ambiri amene anapitako ku sukulu lagona pamenepa. Tinaphunzira Chingerezi ndi maso, pokopera pa bolodi, ndipo khutu linatsalira m'mbuyo.

Nkhani ya bandulo ndi yosazembeka, popeza maphunziro aulere amafunabe intaneti yogula. Pamenepa BBC Learning English ili bwino kuposa mapulogalamu amene amafuna kuti foni ikhale pa intaneti nthawi yonse imene munthu akuphunzira. Mawu a pulogalamu ya mphindi zisanu ndi imodzi amadya mamegabaiti ochepa, pomwe kanema wa utali womwewo pa YouTube amadya ochuluka kangapo. Munthu angathe kutsitsa mapulogalamu khumi tsiku limodzi pamene wapeza netiweki yabwino, n'kuwasunga pa memori khadi, kuwatumizira anzake pa WhatsApp kapena pa Bluetooth, ndi kumawamvetsera m'minibasi ngakhale pa kafoni ka mabatani. Ine ndimalangiza kuti makanema azisiyidwira maphunziro a katchulidwe okha, amene munthu amafunikadi kuona pakamwa pa woyankhula.

Maphunziro a katchulidwewo ndi chuma chimene ambiri amachidutsa osachiona. Chichewa chili ndi malembo a liwu asanu, a, e, i, o, u, ndipo lililonse limamveka mofanana paliponse pamene lalembedwa. Chingerezi cha ku Britain chimalemba malembo asanu omwewo koma chimatulutsa maliwu pafupifupi 20 a mtundu umenewu, pa maliwu 44 amene chili nawo onse pamodzi. N'chifukwa chake kwa ife "ship" ndi "sheep" zimamveka chimodzimodzi, ndipo "bed", "bad" ndi "bird" timazitchula ngati liwu limodzi. Gawo lotchedwa The Sounds of English limatenga liwu lililonse palokha, kuonetsa pafupi mmene milomo ndi lilime zikukhalira, ndi kulifananitsa ndi lina loyandikana nalo. Gawo lina, Tim's Pronunciation Workshop, limafotokoza chinthu chimene aphunzitsi athu ambiri sanatiuzepo, choti Angerezi akamayankhula amalumikiza mawu, ena n'kuwameza, moti "a cup of tea" samveka ngati mawu anayi osiyana. Munthu akamvetsa zimenezi amaleka kudziona ngati mbuli pamene sakumva, pakuti amadziwa tsopano kuti zimene zili pa pepala ndi zimene zimatuluka m'kamwa ndi zinthu ziwiri.

Pa galamala, kafotokozedwe kawo ndi kaudongo. Mu 6 Minute Grammar amatenga mfundo imodzi yokha, monga kusiyana kwa "I have eaten" ndi "I ate", kapena kagwiritsidwe ntchito ka "some" ndi "any", n'kupereka zitsanzo zambiri za moyo wa tsiku ndi tsiku lamulo lisanatchulidwe, ndipo kumapeto amaponya mafunso angapo oyesera. Sachulutsa mayina a galamala amene ankatiopseza ku sekondale. Pa tsamba lawo palinso mafunso amene munthu amayankha n'kuona pompopompo ngati wakhoza.

Koma pamenepa ndi pamene pamaonekera mpata waukulu. Zonsezi zimafotokozedwa m'Chingerezi chokhachokha. BBC inakonzapo maphunziro ofotokozedwa m'ziyankhulo zina, kuphatikizapo Chiamhariki, Chioromo ndi Chitigrinya za ku Ethiopia ndi ku Eritrea, koma Chichewa palibe. Munthu amene akuyamba kumene amayembekezeka kumva tanthauzo la liwu lachilendo kudzera m'mawu ena khumi achilendo, zimene zili ngati kupatsa khanda chimanga chokazinga. Pulogalamu yawo ya Real Easy English, imene amayankhula pang'onopang'ono pa mitu yosavuta monga banja, chakudya ndi ntchito, yachepetsako vutoli, komabe nayonso imafuna munthu amene ali ndi kamaziko.

Ngakhale kwa amene ali ndi mazikowo, kusowa kwa Chichewa kumawatayitsa mwayi. Chichewa chathu chimasiyanitsa kale zinthu zina zimene ophunzira a m'mayiko ena amavutika nazo. "Ndimadya" ndi "ndikudya" ndi ziganizo ziwiri zosiyana kwa mwana aliyense wa zaka zisanu, ndipo kusiyana kwake ndi kofanana kwambiri ndi kwa "I eat" ndi "I am eating". "Ndadya" ndi "ndinadya" zimayandikira kwambiri "I have eaten" ndi "I ate". Mphunzitsi wodziwa ziyankhulo zonse ziwiri amatsegula khomo limeneli m'mphindi imodzi, pomwe a BBC, posadziwa zimene wophunzira wanyamula kale m'mutu, amazungulira mphindi zisanu ndi imodzi. Mphunzitsi yemweyo amachenjezanso pamene kufananako kumathera. Ife timati "ndikudziwa" ndi "ndikufuna", ndiye wophunzira amangoti "I am knowing" ndi "I am wanting", osadziwa kuti aneni a mtundu umenewu m'Chingerezi kawirikawiri satenga "-ing". Lamuloli a BBC amaliphunzitsa ndithu, koma sangamuuze Mchewa chifukwa chimene iyeyo makamaka amalilakwira.

Zolakwa zimene ndimazimva tsiku ndi tsiku zimachokera pafupifupi zonse m'kapangidwe ka Chichewa, ndipo n'zosachititsa manyazi. Mlowam'malo wathu "iye" sasiyanitsa mwamuna ndi mkazi, choncho ngakhale munthu wa digiri akatanganidwa amatha kunena "he" akutanthauza amayi ake. Timalemekeza munthu mmodzi pomutchula ngati ambiri, ndiye "abambo abwera" imasanduka "they have come", womva n'kumayembekezera gulu la anthu. Tilibe timawu tofanana ndi "a" ndi "the", choncho timatisiya kapena kutiponya paliponse. "Ndibwerekeni cholembera" imabala "borrow me a pen" m'malo mwa "lend me a pen". Mneni mmodzi "kumva" amagwira ntchito ya "hear", "feel" ndi "understand", moti wodwala amatha kuuza dokotala kuti "I am hearing pain". Choopsa kwambiri ndi funso lokana. Munthu akafunsidwa kuti "Simunalandire malipiro?" amayankha kuti "inde" kutanthauza kuti sanalandire, pomwe Mngerezi akafunsa "Haven't you been paid?" n'kumva "yes" amatenga kuti ndalama zalandiridwa kale. Kalakwidwe kameneka kangathe kumudyera munthu malipiro a mwezi, koma m'maphunziro a BBC ndi mfundo yaing'ono pakati pa mazana ena, chifukwa amakonzera dziko lonse lapansi.

Chimodzimodzinso pa katchulidwe. Kwa ife "l" ndi "r" ndi liwu limodzi limene limangosintha malinga ndi malo, n'chifukwa chake "pray" ndi "play" zimasokonekera ngakhale pa guwa. Maphatikizo athu amathera ndi lembo la liwu, monga timaonera m'mawu obwereka ngati buku, sukulu ndi tebulo, ndiye pakamwa pamafuna kuwonjezera "i" kumapeto kwa "and" ndi "but". Komanso "th" ndi "ph" za m'mawu ngati thupi ndi phiri zimatinamiza tikakumana ndi "think" ndi "phone". Makanema othandiza pa zonsezi alipo, koma wophunzira ayenera kudziwa yekha kuti pa maliwu 44 aja ayambire ati, ndipo palibe chomulozera.

Mawu amene amasankha kuphunzitsa nawonso sagwirizana nthawi zonse ndi zosowa zathu. Pulogalamu ya The English We Speak imaphunzitsa zining'a ndi mawu atsopano amene akumveka m'misewu ya ku Britain. Ndi yosangalatsa, ndipo kwa namwino wathu amene akugwira ntchito ku Manchester ingamuthandize kumva nthabwala za anzake, koma kwa mayi wogulitsa zosemasema ku Nkhata Bay phindu lake ndi lochepa. Iye akusowa mawu otchulira mtengo, okambirana zotsitsa, ofotokozera mtundu wa mtengo umene chosemacho chapangidwira. Ndaonaponso achinyamata akuloweza zining'a zoterezi n'kuziika m'kalata yofunsira ntchito, pamene sizikuyenera konse. Yothandiza kwambiri pa ntchito ndi English at Work, sewero la zojambula lotsatira mtsikana amene wayamba ntchito pa kampani, limene limaphunzitsa kuyankha mafunso pofunsidwa ntchito, kuyankha foni, kupepesa ndi kukana mwaulemu. Mbali ya ulemuyi ndi yofunika kuposa mmene ambiri amaganizira. M'Chichewa ulemu umakhala m'kati mwa mneni, moti "ndipatseni" ndi mawu aulemu kale chifukwa cha "-ni" wakumapetoyo, koma akangotembenuzidwa kukhala "give me" amamveka ngati lamulo, ndipo munthu waulemu wake amaoneka wamwano popanda kudziwa. Seweroli limabwereza kambirimbiri njira monga "could you" ndi "would you mind" mpaka zitakhazikika.

Kuchuluka kwa maphunziro ndi dalitso komanso msampha. Zaka zambiri za mapulogalamu zaunjikana pamalo amodzi, ndipo ngakhale amasonyeza mlingo wa phunziro lililonse, palibe amene amamugwira dzanja wophunzira kumuuza kuti lero chita ichi, mawa icho. Mapulogalamu ena a pa foni amakumbutsa munthu tsiku lililonse ndi kumupatsa mapointi, ndipo ngakhale ndimakayikira kuchuluka kwa zimene munthu amaphunziradi mwa njira imeneyo, ndimavomereza kuti imamusunga pa mzere. Pa maphunziro a BBC munthu wopanda khama amadumphadumpha sabata imodzi, kenako n'kusiya. Chachikulu koposa, wailesi siyankha. Palibe womva chiganizo chimene wophunzira wapanga n'kumuuza kuti apa walakwa, choncho munthu angathe kumvetsera chaka chathunthu, khutu n'kutseguka bwinobwino, koma pakamwa pali pomwepo.

Pa chifukwa chimenechi ndimawalangiza ophunzira anga kuti asathamangire pulogalamu yatsopano tsiku lililonse, koma atenge imodzi pa sabata ndi kuifinya mpaka iume. Ayimvetsere koyamba osayang'ana zolembedwa, ayimvetserenso akulondola pa pepala, kenako alembe mawu atsopano aja m'kope limodzi ndi tanthauzo lake m'Chichewa, pogwiritsa ntchito mtanthauziramawu wa ziyankhulo ziwiri. Liwu lililonse alipangire chiganizo cha moyo wawo weniweni, cha ku msika, ku chipatala kapena ku ntchito, osati cha ku London. Chomaliza, chimene ambiri amachita nacho manyazi, ndi kuwerenga mokweza mbali ya mmodzi wa oyankhula aja, kudzijambula mawu pa foni, ndi kufananitsa ndi mwini wake. Anthu awiri kapena atatu akamachitira limodzi, wina kutenga mbali iyi wina iyo, zimayenda msanga kwambiri, makamaka pakakhala mmodzi wodziwako amene angafotokoze m'Chichewa pamene pavuta.

Amene akukonzekera IELTS, mayeso a Chingerezi amene mayiko ena akunja amafuna, monga anamwino ofuna kukagwira ntchito ku Britain kapena ofuna kukaphunzira kunja, adzapeza 6 Minute English ndi mapulogalamu ophunzitsa kudzera m'nkhani za pa wailesi othandiza kwambiri pa gawo lomvetsera ndi pa kuchulukitsa mawu, koma pa gawo lolemba ndi loyankhula adzafunikabe mabuku a mayesowo ndi munthu wowachongera. Wophunzira wa Fomu 3 ndi Fomu 4 adzapindula ndi maphunziro a galamala, bola asaiwale kuti mayeso a MSCE ali ndi silabasi yakeyake, yokhala ndi chimangirizo, kufupikitsa nkhani ndi mabuku osankhidwa, zimene BBC siidziwa. Munthu wamkulu amene sanapiteko ku sukulu kapena analekezera m'makalasi oyambirira ayambe kaye ndi mphunzitsi woyankhula Chichewa, kaya ku sukulu ya kwacha, ku tchalitchi, ku mzikiti kapena kwa mnansi wophunzira, mpaka atafika poti angathe kudzitchula dzina, kuwerenga manambala, kufunsa mtengo ndi kumva malangizo afupiafupi. Akafika pamenepo ayambe ndi Real Easy English, ndipo 6 Minute English ayidikire mpaka atamamva pafupifupi theka la zoyankhulidwa popanda kuyang'ana pa pepala.